Alipo amene amaomba nawo mizinga ya wonga kuno ku UK?

MwanaWaNtchisi

Moni nonse. Funso langa ndi lachilendo, musafulumire kundiseka.

Ndimakhala ku Crewe, ndimasamalira okalamba, kwambiri mashifiti ausiku. Mu Januwale mnzanga wa kuntchito anandikokera ku Nantwich, katauni kali pafupi pomwepa, kukaonera mwambo umene amautcha Holly Holy Day. Amakumbukira nkhondo imene inachitika komweko mu 1644, pamene Angerezi ankatibulana okhaokha, ena ali mbali ya mfumu Charles I ena mbali ya Nyumba ya Malamulo. A gulu la Sealed Knot amavala zovala za nthawi imeneyo n'kumayerekezera nkhondoyo anthu akuonerera.

Za mikondo italiitali ija sizinandikhudze, kuzizira kunali kosasimbika ndipo ndinkangofuna tiyi. Koma utalira mzinga, abale inu! Ndinaumvera m'chifuwa osati m'makutu. Utsi woyera uli tolotolo, kenako fungo lija la mazira owola. Fungolo linandinyamula kukandiponya ku Ntchisi. Agogo anga aamuna anali ndi gogodela yothamangitsira nguluwe m'munda wa chimanga. Ankathira wonga kukamwa kwa mfutiyo, kutsindira ndi kachitsulo, ife ana titabisala kuseri kwa nkhokwe zala zili m'makutu. Zaka makumi atatu ndinali ndisanalimvenso fungo limenelo.

Chichokereni kumeneko ndikungoonera mavidiyo a mizinga pa YouTube, mpaka mayi a kunyumba ayamba kundiyang'ana mwachilendo. Ndiye ndifunse: munthu wobwera ngati ine angaloledwe kuchita nawo zimenezi? Ziphaso zake ndi ziti? Komanso ndili ndi mnzanga wodziwa kuwotcherera zitsulo, akuti angandipangire kamzinga kakang'ono ndi paipi yokhuthala, kongoliza popanda chipolopolo. Kodi pamenepo pali vuto?

Nachisale_Bristol

Achimwene, ndiyambe ndi funso lomalizalo chifukwa landiimitsa mutu. Za paipizo zisiyeni lero lomwe. Mnzanuyo mumuthokoze, mumugulire chakumwa, nkhani ithere pomwepo. Paipi ya madzi kapena ya gasi sanaipangire mphamvu ya wonga, ndipo pamene pawotchereredwa kumbuyoko ndi pamene pamayamba kugonja. Zoti mulibe chipolopolo zisakupusitseni: ikang'ambika, chipolopolo chake ndi paipi yomweyo. Kupanga chinthu chotero popanda chilolezo ndi mlandu waukulunso kuno, woti n'kukuwonongerani mapepala anu okhalira m'dziko muno.

Ine ndalowa chaka chachisanu ndi chimodzi m'kagulu koomba mzinga pa zionetsero ngati chimene munaonacho. Anandilowetsa ndi apongozi anga aamuna, ine ndinkangopita kukawaperekeza. Zoti ndinu wobwera si nkhani, amafuna munthu wofika pa nthawi yake ndiponso womvera. Mzinga simuyenera kugula, umakhala wa gulu kapena wa membala mmodzi. Inu mumangolembetsa umembala, zovala poyamba amakubwerekani.

Ziphaso zimachokera kupolisi ya dera lanu. Mzinga wosalala m'kati, wotalika mainchesi 24 kapena kuposa, umene kukamwa kwake sikupitirira mainchesi awiri, umawerengedwa ngati shotgun, ndiye chiphaso chake ndi chimenecho. Kukamwako kukaposa pamenepo pamafunika firearm certificate, imene ndi yovutirapo. Wonga uli ndi chiphaso chakechake, explosives certificate, ndipo chilipo cha mitundu iwiri: chongolandira wonga pamalo a chionetsero n'kubweza wotsala, ndi chokulolani kusunga kunyumba m'bokosi lamatabwa. Changa ndi choyambacho ndipo sindifuna chinacho, ndili ndi ana. Adzafuna kalata ya adokotala anu ndi okuchitirani umboni amene akudziwani kwa zaka zosachepera ziwiri.

Koma chimene mavidiyo sakuonetsani ndi ichi. Kulira kuja ndi kwa sekondi imodzi, tsiku lonse ndi kupukuta ndi kudikira. Ine ntchito yanga ndi ya siponji. Mzinga ukalira, wina amayamba walowetsa ndodo yokhala ndi chitsulo chopotana kutsogolo, kukokera kunja zotsalira za phukusi la wonga. Kenako ine ndimaviika siponji yanga m'ndowa, kuifinya, kuilowetsa mpaka kumapeto, kuizunguza, kuitulutsa. Nthawi yonseyo munthu wina watseka kabowo koyatsira kaja ndi chala chachikulu, atavala kachikopa, kuti mpweya usayende m'katimo n'kukoleza kakhala ka moto kamene katsalira. Kakhala kameneko ndiye mdani wathu. Mukalowetsa wonga wina iko kakadali ndi moyo, mzinga umalira ndodo yotsindira ili m'manja mwa munthu. N'chifukwa chake potsindira sitikulunga chala chachikulu pa ndodo, ndipo thupi siliima kutsogolo kwa kamwa.

Tsiku lina mzinga wathu unakana kulira. Tinayatsa, kautsi pang'ono, zii. Anthu oonerera anayamba kuseka, mwana wina akufuula kuti waswekatu. Mkulu wa gulu lathu anangokweza dzanja, tonse tinaima pomwe tinali, osasuntha, iye akuyang'ana wotchi. Sindinaonepo mphindi zazitali ngati zimenezo. Kenako tinathira madzi pa kabowo ndi kukamwa mpaka wonga unasanduka phala, n'kuukoka. Tsiku limenelo sitinaombenso.

Madzulo mumatsuka ndi madzi otentha, chifukwa mwaye wa wonga umakoka chinyezi ndipo dzimbiri silichedwa. Zovala zanu zidzanunkha, mayi a kunyumbawo muwachenjezeretu.

Chingalawa_CPT

Ine sindiomba, koma ndimakhala pansi pa mzinga, kunena zoona. Ndimagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina pafupi ndi Bo-Kaap ku Cape Town. Pamwamba pathu, pa Signal Hill, pali mzinga wotchedwa Noon Gun umene umalira 12 koloko masana tsiku lililonse kupatula Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Tsiku langa loyamba ndinagwetsa mbale, ndinkayesa zigawenga. Anzanga anangoyang'ana mawotchi awo n'kupitiriza kudula anyezi.

Ndinakwerako Loweruka lina kukaona. Mizinga ilipo iwiri, yonse yothira wonga kukamwa, yopangidwa mu 1794, ndipo mwambowu unayamba mu 1806. Amaika wonga mu yonse iwiri kuti wina ukakana winawo ulire. Amene amayang'anira ndi asilikali a pamadzi a dziko lino, ndipo msilikali amene ndinamupeza anafotokoza bwino kwambiri. Akuti kale unkathandiza a sitima zapamadzi kukonza mawotchi awo, ndipo iwo ankayang'ana utsi osati kudikira phokoso, poti phokoso limafika mochedwa. Zimenezi ndinazikhulupirira nditaona nkhunda za m'tauni zikuuluka patapita kanthawi utsi utatuluka kale.

Zimene akunena a Nachisale za kupukuta ndinazionanso kumeneko. Chitsulo cha zaka zoposa mazana awiri chikugwirabe ntchito chifukwa chakuti pali munthu amene amachisamala ngati mwana wakhanda.

Bambo_a_Tadala

Koma anthu a kunja inu ndalama zakuchulukirani eti? Ife kuno ku Area 25 tikusaka ya feteleza, inu mukusaka yowotcha utsi. Ngati mwasowa mzinga bwerani ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi paja pali mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene inaombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu mu 1914. Mukajambulitse pamenepo kwaulere.

Zoseka pambali, za paipizo mverani mlongo wanuyo. Kwathu ku Kasungu ndinakula ndikuona madala awiri opanda zala chifukwa cha magogodela osula okha.

Nachisale_Bristol

Bambo a Tadala, ya ku Mangochi ija ndi ya mtundu wina, yoika chipolopolo chakumbuyo, siponji yanga ilibe ntchito pamenepo. Koma za madala opanda zala mwanena zoona, ndipo si za kumudzi zokha. Mfumu James II ya ku Scotland inafa mu 1460 pa Roxburgh itaima pafupi ndi mzinga wake womwe umene unaphulika. Ku America mu 1844, mzinga watsopano wotchedwa Peacemaker unang'ambika pa sitima ya USS Princeton akuuonetsa kwa akuluakulu a boma, n'kupha anthu asanu ndi mmodzi, nduna ziwiri zili momwemo. Imeneyo inapangidwa ndi akatswiri a nthawiyo, osati mnzanu wa m'galaja.

Ndinaiwala china, achimwene a ku Ntchisi. Wonga wa mzinga ndi wakuda uja basi, wamiyalamiyala, umene pa chitini amalemba Fg kapena cannon grade. Wosalala ngati ufa umapsa msanga kwambiri, ndi wa mfuti zing'onozing'ono. Wa m'zipolopolo zamakono, wopanda utsi uja, usayandikire n'komwe, umang'amba ndi mzinga wabwinobwino.

MwanaWaNtchisi

Zikomo kwambiri achemwali, ndamva. Mnzanga uja ndamuimbira, paipiyo akuti apangira mbaula. Bambo a Tadala, ya feteleza ndinatumiza kale mwezi watha, afunseni amayi anga.

Ndawalembera a gulu la kufupi kuno ndipo ayankha kuti ndipite kumaphunziro awo Loweruka la mawa, ndikavale nsapato zolimba. Akuti miyezi yoyamba ntchito yanga idzakhala yotunga madzi a m'ndowa. Ndikutuluka shifiti 8 koloko m'mawa, basi ndi ya 9.