Ndingachotse bwanji GPS tracker m'galimoto osaononga mawaya?

Moni nonse pagulu pano. Ndinagula Toyota Axio ya 2015 kwa munthu wina ku Limbe, ndiye ndapeza kuti pansi pa chiwongolero pali kachipangizo ka GPS kokhala ndi SIM khadi. Mwini wakaleyo akhoza kumaona kulikonse komwe ndapita, ngakhale kusukulu kwa ana anga. Zimenezi zikundisowetsa tulo.

Ndayesa kumuyimbira, sakuyankha. SIM khadiyo ndachotsa, koma kagetsi kake kakuphethirabe. Makaniko wina ku Ndirande anakana kudula mawaya, akuti ena analumikizidwa ku relay (kaswitchi koyatsa ndi kuzimitsa magetsi) ya pampu ya mafuta, moti galimoto ikhoza kusiya kulira.

Kodi kuchotsa SIM kokha n'kokwanira? Nanga mu Blantyre muno ndani wodziwa zamagetsi a galimoto amene angakachotseretu bwinobwino? Chonde ndithandizeni abale.