Za kuiwala kuja, ndabwera kudzathokoza

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa chifukwa chomwe ndimaiwala pomwe ndaika makiyi a njinga, chonsecho usiku umene madzi a namondwe Freddy analowa m'nyumba mwathu ku Nsanje mu 2023 ndimaukumbukira wonse, ngakhale fungo la matope.

Ndinatsata malangizo a mayi amene anati ndipite kuchipatala. Adokotala anandifotokozera kuti nkhawa ikakhalitsa, timadzi ta m'thupi totchedwa cortisol timachuluka n'kufooketsa hippocampus, mbali ya ubongo yosunga zinthu zatsopano, pomwe amygdala, mbali ina ya ubongo, imagwiritsitsa zoopsa. Kukumbukira zoopsazo kumadzutsanso nkhawa ija.

Ndinayamba kugona msanga, kulemba zofunika m'kope, komanso kuwafotokozera achemwali anga za usiku uja. Mitambo ikada kumapiri mtima umagundabe, koma kuiwala kwachepa ndithu. Mukapita kuchipatala, muwauze adokotala momwe mukugonera. Ine anayambira pomwepo kundifunsa.