Gynogenesis pa sturgeon: n'zoona kuti ana onse amatuluka aakazi?

kambuzi_88:
Akuluakulu moni nonse. Ndili ku Poland ndikupanga mapulakitiko a sukulu pa famu ina ya sturgeon, nsomba zija amachotsamo mazira a caviar, ndipo pali nkhani yomwe ikundisowetsa mtendere. Kuno ndalama ili pa yaikazi basi. Siberian sturgeon yaikazi imatha zaka 7 kapena 8 isanayambe kupereka mazira, koma ikakhala yaing'ono sungadziwe kuti iyi ndi yaimuna iyi ndi yaikazi, zimangofanana, ndiye timadyetsa zonse mpaka zaka zitatu kapena zinayi kenako nkumaziyeza ndi ultrasound imodziimodzi. Mwezi wathawu tayeza gulu lina ndipo pafupifupi theka zapezeka zazimuna, zonsezo zapita kokagulitsa ngati nyama pamtengo wotsika. Zinandiwawa kwambiri nditaganiza chakudya chonse chija, magetsi a mapampu, ndi mmene timavutikira kutsuka mathanki m'nyengo yozizira.

Kwathu pa chambo ndi makumba mlimi amasaka zazimuna poti zimakula msanga, kuno ndi zotembenuza. Ku kalasi tinaphunzira kuti pa common carp ukapanga gynogenesis, kuswetsa mazira kuti ana atenge makromozomu a mayi okha popanda a bambo, ana onse amakhala aakazi. Nanga bwanji mafamu a sturgeon sakungopanga zomwezo? Amene munazigwirako ndi manja tandimasulireni chonde.

mai_wa_labu:
Achimwene, yankho lachidule ndi loti ayi, pa sturgeon sizituluka zazikazi zokhazokha. Koma ndiyambe ndi mmene ntchitoyo imayendera kuti tisataye ena panjira.

Mumatenga umuna nkuusungunula kuti ukhale wopyapyala m'mbale, nkuuika pansi pa nyali ya UV. Cholinga ndi kuwononga DNA ya bambo koma umunawo ukhalebe ukusambira. Apa mpamene pamafunika dzanja labwino, mukachepetsa UV tizidutswa ta bambo timalowabe m'mwana, mukachulutsa umuna umangofa. Umuna wotere ukalowa m'dzira umangolidzutsa kuti liyambe kugawikana, suthirapo kanthu. Ndiye dziralo latsala ndi theka la makromozomu, ana otere amapunduka ndipo amafa atangoswa. Kuti apulumuke mumalidzidzimutsa dziralo ndi madzi otentha lisanataye kachigawo ka makromozomu ake komwe amati second polar body. Anthu ambiri amachita pakadutsa mphindi za pakati pa 15 ndi 20 chithirireni umuna m'madzi a madigiri 15 kapena 16, nkuviika mazirawo m'madzi a madigiri 34 mpaka 37 kwa mphindi ngati ziwiri, kutengera mtundu wa sturgeon. Kachigawo kaja kamabwerera, mwana amakhala ndi makromozomu okwanira koma onse ochokera kwa mayi.

Tsopano vuto lanu ndi ili. Pa carp makromozomu a yaikazi ndi XX, a yaimuna ndi XY, ndiye mwana wa mayi yekha alibe kotenga Y. Pa sturgeon yaikazi ndi ZW, yaimuna ndi ZZ, ngati nkhuku. Mayi ali ndi zonse ziwiri, ndekuti dzira lomwe latenga Z likawirikiza limakhala ZZ, mwana wamwamuna wopanda bambo. Lina limakhala WW, ndipo ambiri amakhala ZW chifukwa makromozomu amasinthana zidutswa dzira likamakhwima. A Van Eenennaam ndi anzawo ku University of California, Davis anaonetsa zimenezi pa white sturgeon mu 1999, anapeza 18 peresenti zazimuna ndi 82 peresenti zazikazi. Komwe muliko ku Poland, ku Olsztyn, mai Dorota Fopp-Bayat anapezanso zofananako pa Siberian sturgeon yomwe mukudyetsayo.

82 peresenti ikumveka yabwino eti, koma musaiwale kuti mazira ambiri amafera m'njira, ndipo opulumukawo amakhala ofooka poti magazi ndi a kholo limodzi. Palibe mwini famu angaike mazira ake onse pa njira imeneyi. Chomwe aliyense akusaka ndi WW uja. Mukam'lera mpaka akhwime nkum'phatikiza ndi yaimuna wamba ya ZZ, ana onse ayenera kukhala ZW, aakazi okhaokha, osafunanso UV kapena madzi otentha. Ndi nzeru yomweyo ya YY pa Nile tilapia, kungoti yatembenuzidwa. Koma tilapia imakhwima pa miyezi, iyi muyidikira zaka 8, kenako mudikirenso ana ake akule kuti mutsimikize. Ndi ntchito yodya zaka zambiri za moyo wa munthu mmodzi.

bambo_a_madamu:
Mayi mwafotokoza bwino, ine ndine mlimi chabe wa makumba koma ndatolapo. Funso langa, zimenezi si GMO? Chifukwa ine mtima wanga sukhala m'malo ndikamva zosewera ndi mbewu ya nsomba, tinaona kale mmene mbewu yosakanikirana imaonongera madamu, umagula zoti ndi mbewu yabwino koma sizikula.

mai_wa_labu:
Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka. Si GMO ayi, palibe jini yachilendo yomwe ikulowetsedwa, mukungosintha kuchuluka kwa makromozomu omwe nsombayo ili nawo kale ndi komwe akuchokera. Koma kusakhala GMO sikutanthauza kuti palibe choopsa, makamaka nsomba zotere zikathawira kumtsinje.

chisale_danube:
Pa mfundo ya bambowa ndiwonjezere, chifukwa ine ndi pomwe pamandikhudza kwambiri. Sturgeon si nsomba wamba pankhani ya makromozomu. Sterlet ndi beluga zili ndi pafupifupi 120, Siberian ndi Russian sturgeon pafupifupi 250, shortnose ya ku America pafupifupi 360, ndipo ambiri mwa iwo ndi ting'onoting'ono tovuta ngakhale kuwerenga pa maikulosikopu. Zinawirikiza kale makromozomu awo kalekale, ndiye thupi lawo limalolera zinthu zomwe nsomba ina ikanafa nazo. Nchifukwa chake zimakwatirana mitundu yosiyana mosavuta. Bester, mwana wa beluga yaikazi ndi sterlet yaimuna yemwe Nikolyukin anapanga ku Soviet Union mu 1952, amabereka bwinobwino poti makolo onse ali pa 120.

Ndiye taonani zomwe zinachitika ku Szarvas, ku Hungary, mu 2019. Ankafuna kupanga gynogenesis yomweyi pa Russian sturgeon pogwiritsa umuna wa American paddlefish, poganiza kuti nsomba ziwirizi zinasiyana zaka zoposa 180 miliyoni zapitazo, sizingaberekane. Mazira ena anawathira umuna wosaotcha ndi UV kuti angoyerekeza, akuyembekeza kuti afa onse. Anaswa, ana nkukula. Ena anatenga gawo limodzi la mayi ndi limodzi la bambo, ena magawo awiri a mayi, ndipo a Jenő Káldy ndi anzawo anazilemba mu 2020. Ngati akatswiri a ku labu anadzidzimuka choncho, nanga pa hatchery wamba pomwe palibe amene akuyeza?

Komanso musaganize kuti triploid, nsomba ya magawo atatu a makromozomu m'malo mwa awiri, ndiye loko yoletsa kubereka. Pa trout mukasunga polar body ndi umuna wabwinobwino mumapeza nsomba yosabereka. Pa sturgeon sizodalirika, ku Vodňany ku Czech Republic anapeza Siberian sturgeon yaimuna yokhala ndi makromozomu oonjezera chonchi ndipo umuna wake unkabereketsa. Chondiopsa kwambiri nchoti zimachitika zokha popanda munthu kufuna. Ku hatchery za white sturgeon ku America, kuphatikizapo zobwezeretsa nsomba mu mtsinje wa Kootenai, anapeza nsomba za makromozomu oonjezera (12N) pakati pa zabwinobwino (8N), ndipo zinaoneka kuti mazira akachedwa kuthiridwa umuna atakhwima kale, kapena akatakasidwa mwamphamvu pochotsa kumata kwa mazirawo, polar body imatsalira yokha. Za 12N zikakwatirana ndi za 8N ana ake ndi 10N, ndipo aakazi ake amavutika kukhwimitsa mazira. Nsomba zoti IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, linanena mu 2010 kuti ndi gulu lomwe lili pachiopsezo chotha kuposa lina lililonse, sitingamatayire zotere mumtsinje.

kambuzi_88:
Eee zikomo kwambiri akuluakulu, ndatseguka mutu. A chisale mwandiopsa ndithu chifukwa ine ndi amene ndimatakasa mazira m'dongo lochotsera kumata kwa nthawi yaitali, ndipo tsiku lina zazikazi zikakhwimira pamodzi mazira ena amadikira ndithu. Ndiye tingadziwe bwanji kuti tapanga zotere? Ndipo mayi, WW uja mumamuzindikira bwanji pakati pa anzake osadikira zaka zonsezo?

mai_wa_labu:
Za ploidy, kuchuluka kwa magawo a makromozomu, ndi zosavuta, kadontho ka magazi kapena kachidutswa ka chipsepse nkokwanira. Flow cytometry imayeza kuchuluka kwa DNA m'selo iliyonse, ndipo mahatchery ena amagwiritsa Coulter counter, makina oyeza kukula kwa maselo, poti maselo ofiira a nsomba ali ndi nyukiliyasi, ndiye ya 12N imaoneka yaikulu. Poyesa gynogenesis ena amatenga mayi wa albino sterlet ndi bambo wakuda, mwana aliyense wotuluka wakuda ndekuti UV sinagwire. Koma DNA muziyezabe.

Za kudziwa yaimuna ndi yaikazi, mu 2021 a Heiner Kuhl ndi anzawo ku Leibniz-IGB ku Berlin anapeza kachidutswa ka DNA kopezeka mwa zazikazi zokha, maka (chizindikiro) yake amaitcha AllWSex2, ndipo inagwira pa mitundu ingapo kuphatikizapo sterlet, beluga, Russian ndi Siberian. Yokha imangokuuzani kuti W alipo, kuti musiyanitse WW ndi ZW muyenera kuyezanso mbali ya Z. Koma pa vuto lomwe munabwera nalo imathandiza lero lomwe: mumadula kachipsepse nsomba ikadali yaing'ono, nkuyeza DNA yake ku labu ndi PCR, nkupatula zazimuna osadikira ultrasound ya chaka chachitatu. Kambiranani ndi abwana anu awerengetse mtengo woyeza nsomba imodzi ndi kuika chizindikiro, ayerekeze ndi chakudya cha zaka zitatu. Ndipo sizoni ikubwerayi lembani pa botolo lililonse loswetsera nthawi yomwe mazira anatuluka mwa mayi ndi nthawi yomwe munathira umuna, kuti mukadzayeza ana mudzadziwe gulu lomwe linadikira.