Akatswiri a zachumawa akulosera, kapena akungoikira kumbuyo chipani chawo?

Abale anga pa gulu pano, mutu umodzi susenza denga, ndiye ndabwera kudzapempha nzeru. Ndimagwira ntchito kuno ku America, ndipo kampani ina yaing'ono yandiitana ndi malipiro abwinoko kuposa komwe ndili. Mantha anga ndi akuti chuma chikagwa, oyamba kuchotsedwa ntchito amakhala obwera kumene. Ndakhala ndikutchera khutu kwa othirira ndemanga pa zachuma kuti ndimve ngati recession, kutanthauza kugwa kwa chuma cha dziko, ili m'njira, koma angondizunguza mutu.

Chomwe chikundiwawa n'chakuti ukangodziwa chipani cha munthu, wadziwiratu zomwe anene. Nthawi ya Biden, a Republican ankati chuma chatha, a Democrat ankati chili bwinobwino. Trump atangopambana mu November 2024, anthu omwewo anasinthana pakamwa. Ndipo si a pa TV okha ayi. Kafukufuku wa University of Michigan, amene amafunsa anthu wamba mwezi ndi mwezi momwe akuonera chuma, amaonetsa zomwezi: chisankho chikangotha, a chipani chopambana chiyembekezo chimakwera, ogonja chimatsika, pomwe malipiro awo ndi mitengo ya zinthu sizinasinthe n'komwe. Zinatero mu 2016, mu 2020 komanso mu 2024.

Ndiye ndimvere ndani? Ndili ndi ana, sindingasiye ntchito chifukwa cha mawu a munthu amene akungomenyera chipani chake.

Yankho:
Achimwene, kumbukirani za 2022. Ziwerengero zoyamba zinaonetsa kuti chuma chatsika m'magawo awiri oyamba a chaka, a miyezi itatuitatu. A Republican nthawi yomweyo anati imeneyi ndi recession basi, a ku White House nkumati ayi, amene amagamula ndi NBER, bungwe la akatswiri a zachuma loima palokha. Mkangano unali wa dzina chabe, aliyense akukokera kwake chifukwa mu November munali chisankho. NBER sinalengeze recession, chifukwa anthu anali kulembedwabe ntchito. Mu October chaka chomwecho a Bloomberg Economics, ofufuza zachuma a kampani ya nkhani ya Bloomberg, anati mwayi woti chuma chigwe pasanathe chaka unali 100 peresenti. Chomwe chinachitika mu 2023? Chuma chinakula kupitirira 2 peresenti, ulova unatsika kufika pa 3.4 peresenti. Amene anaopa kusuntha nthawi imeneyo anataya mwayi pachabe.

Yankho:
Ine muyeso wanga ndi umodzi, bambo: munthuyo analankhulapo zowawa chipani chake chili m'boma? Ngati sanatero, ndimamumvera ngati wochemerera mpira, amene kwa iye timu yake silakwa.

Mbali zonse zili ndi mlandu pa izi. Mu November 2010 akatswiri ambiri okondera Republican analembera kalata Ben Bernanke, mkulu wa Federal Reserve, banki yaikulu ya America, kuti ndalama zomwe banki ikuthira m'chuma zigwetsa dola ndi kukweza mitengo. Zaka pafupifupi 10 zinadutsa mitengo osathawa. Usiku wa chisankho cha 2016, katswiri wa zachuma Paul Krugman, amene sabisa kuti sagwirizana ndi Trump, analemba kuti chuma cha dziko lonse chikhoza kugwa. Patangopita masiku ochepa anabweza yekha mawuwo. Mu 2021 boma la Biden linkati kukwera kwa mitengo n'kwakanthawi, koma mu June 2022 kunafika pa 9.1 peresenti. Amene anachenjeza msanga anali Larry Summers, wa Democrat yemwe, nduna ya zachuma nthawi ya Clinton. Munthu wotere ndimamupatsa khutu, chifukwa analolera kukwiyitsa anzake.

Yankho:
Mayi mwanena zoona, koma malizitsani nkhani ya Summers. Mu 2022 ananenanso kuti mitengo singakhazikike pokhapokha ulova utapitirira 5 peresenti kwa zaka zingapo. Mitengo inakhazikika ulova usanafike kumeneko. Ndiye tisaganize kuti tikapeza munthu wosakondera ndiye kuti tapeza wodziwa za mawa. A Bloomberg aja sankamenyera chipani, ankangoona Federal Reserve ikukweza chiwongola dzanja kuchoka pafupi ndi 0 kufika kupitirira 5 peresenti, ndipo m'mbuyomu zoterezi zinkathera pa recession. Ngakhale NBER imalankhula zinthu zitachitika kale: recession yomwe inayamba mu December 2007 anailengeza mu December 2008, anthu ambiri ntchito zitawathera.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndamva. Koma ngati wokondera sindingamudalire, wosakondera nayenso amaphonya, kalata ya ntchitoyi ndiisaine kapena ayi? Akudikira yankho langa.

Yankho:
Achimwene, funso lanu lisinthe. Ngati recession ibwere kapena ayi palibe angakulonjezeni, koma zomwe zingakuchitikireni inuyo itabwera mukhoza kuziwerengera lero lomwe. Mwasunga ndalama zokwanira miyezi ingati ya lendi ndi chakudya cha ana? Inshuwalansi ya kuchipatala kunoku imayendera ntchito, ndiye afunseni kuti yawo imayamba liti. Ngati chilolezo chanu chokhalira m'dziko muno chamangiriridwa kwa abwana, onanani ndi loya musanasaine, chifukwa pamenepo kuchotsedwa ntchito si nkhani ya malipiro okha.

Kampaniyo ifunseni mosaopa: makasitomala awo akuluakulu ndi angati, akupeza phindu kapena akuyendera ngongole, ndipo mu 2020, nthawi ya Covid, anachotsa anthu angati. Kampani yodalira kasitomala mmodzi ikhoza kugwa ngakhale chuma cha dziko chili bwino.

Za dziko lonse, werengani nokha ziwerengero musanamve ndemanga ya wina. Bureau of Labor Statistics, nthambi ya boma yosonkhanitsa ziwerengero za ntchito, imatulutsa lipoti la ntchito mwezi uliwonse, ndipo Lachinayi lililonse boma limanena kuchuluka kwa anthu amene angoyamba kupempha thandizo la ulova. Onani makamaka gawo la ntchito yanu, ngati akulemba anthu kapena akuchotsa. Tiuzeni kuti mumagwira ntchito yanji, mwina pagulu pano pali amene ali m'gawo lomwelo akuuzeni zomwe akuona kuntchito kwawo.