"Fodya wa pachala ngwa mphepo": amalume amatanthauza chani pa nkhani ya gemu ya Riot?

Kadzidzi265
Anthu inu thandizeni, Chichewa changa ndi cha mtauni ndiye zina zimandipita. Loweruka ndinapita kwa amalume kukapempha kuti andibwereke kangachepe ndiphatikize pa yomwe ndasunga ndigule kompyuta yamphamvu, poti kalaputopu kanga ndikangotsegula gemu kamalira ngati chigayo. Ndiye ine kupusa, mmalo mongoti ndi ya sukulu ndinanena chilungamo, kuti a Riot Games aja anapanga League of Legends akukonza MMO, gemu ya pa intaneti yoti anthu miyandamiyanda mumalowa mdziko limodzi aliyense ndi kamunthu kake, ndipo ndikufuna ikamatuluka indipeze ndili chile. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula, kenako nkufunsa kuti ituluka liti. Ndinati tsiku sananene. Anangoseka nkuti, "mphwanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo." Basi, nkuyamba kufunsa za amayi ngati akupeza bwino mwendo uja.

Ndiye fodya amakhala bwanji pamphuno? Amene ndimamudziwa ine ndi ndudu, amakhala pakamwa. Komanso "ngwa" ndi chani? Kapenatu akundiganizira kuti ndayamba kusuta?

Gogo_Chalo
Kkkk ayi mwanawe, sakukuganizira zosuta. "Ngwa" ndi kufupikitsa "ndi wa", monga timanenera kuti "nchanga" mmalo mwa "ndi changa". Ndipo fodya wake si ndudu, ndi wamphuno. Akuluakulu amaumitsa masamba a fodya nkuwapera kukhala ufa, nkusunga mu kabotolo kapena kansupa. Akafuna amatsinako pang'ono ndi zala nkukokera mmphuno, kenako kuyetsemula kwake kumveka mpaka kwa aneba. Tsono ufa umenewu ngopepuka zedi. Ukakhala panja wautsina, mnzako nkukuyankhulitsa, kamphepo nkudutsa, wapita. Umangotsala ndi fungo pachala. Ndiye amati usamawerengere chinthu chomwe sichinafike, ngakhale chikuoneka kuti chili pafupi bwanji. Chako ndi chomwe chalowa kale.

Kadzidzi265
Aaa zikomo agogo, mtima wakhala mmalo. Koma gemu imeneyi ikubweradi, si mphekesera, eni ake ananena okha.

JungleDiff_LL
Aise ine League ndasewera zaka, ndikuuze mmene nkhaniyi yayendera uone ngati amalume ako analakwa. Amene anaulula ndi Greg Street, uja amadziwika kuti Ghostcrawler, wa ku Riot yemwe kale anali ku kampani ya Blizzard pa MMO yawo ya World of Warcraft (WoW). Anangoponya pa Twitter mu December 2020 kuti inde ndi MMO, anthu kusangalala ngati ituluka mawa. Mu 2023 mkuluyo nkuchoka ku Riot. January 2024 Riot inachotsa ntchito anthu 530. Kenako mu March chaka chomwecho Marc Merrill, mmodzi mwa amene anayambitsa kampaniyo, analemba kuti gemu ija aiyambiranso chifukwa yomwe amapanga sinali yosiyana kwenikweni ndi zomwe anthu akusewera kale, ndipo anati akhala chete kwa nthawi yaitali, mwina zaka zingapo. Ndiye mwini wake akuti "tikhala chete zaka" iwe ukukatenga ngongole lero? Kompyuta imeneyo ikamadzatuluka gemu idzakhala itakalamba man, udzafunanso ina.

Chomwe ungayembekezere chodalirika ndi dziko lake basi, Runeterra, poti linamangidwa kale kuchokera pomwe League inatuluka mu 2009. Demacia ya asilikali odana ndi matsenga, Noxus ya ankhondo, Freljord kozizira, Shurima kuchipululu, Ionia, Piltover pamwamba ndi Zaun kunsi kwa utsi. Ineyo loto langa ndi kuyenda wapansi mu Zaun. Zina zonse zomwe mukuona pa YouTube zoti ma class (mitundu ya kamunthu kako) adzakhala akuti, ma raid (nkhondo zomenya pagulu lalikulu) adzakhala a anthu angati, ndi anthu akungolosera kuti apeze ma views.

Phwiti_wa_ku_Joni
Mwambi umenewu akanaulemba pa khomo la Blizzard kkk. Mukukumbuka Titan? Imayenera kukhala MMO yaikulu yotsatira WoW, kampani yoti inali ndi ndalama zosayamba, anaipanga pafupifupi zaka 7 nkuitaya mu 2014 anthu osaisewerako. Zotsalira zake ndi zomwe anatolera nkupanga Overwatch ya 2016. EverQuest Next chimodzimodzi, anationetsa mavidiyo a dziko loti umatha kukumba nkuphwanya, 2016 nkuti yalephereka. Fodya anali pachala penipeni ameneyo.

Ndiye pali Star Citizen, imeneyo sindikudziwa kuti tiziti ili pachala kapena pamphuno, mwina pa mlomo wammwamba. Anayamba kusonkhetsa ndalama mu 2012, anthu aponya kupitirira madola 700 miliyoni, ena kugula zombo za mgemu pamtengo wa galimoto, koma ikadali alpha, kutanthauza yongoyeserera yosamalizidwa.

Nachisale_Healer
Ine ndiye nditsutseko pang'ono achimwene. Fodya amafika bwanji pamphuno osadutsa pachala? Aliyense amene ali pamphuno anayamba wakhala pachala. Mukamalankhula choncho zikukhala ngati kuyembekezera nkupusa, chonsecho theka la kukoma kwa MMO ndi nthawi imeneyi, kukambirana ndi anzako kuti iwe udzakhala tank wolandira zibakera za adani, ine healer wochiritsa anzanga, guild, gulu lathulo, tidzaitcha chani. Komanso kuyambiranso si imfa. Final Fantasy XIV inatuluka mu 2010 ili mbwerera zokhazokha, Square Enix nkuika Naoki Yoshida kuti aikonze, anatseka ma seva (makompyuta oyendetsa gemuyo pa intaneti) mu 2012 nkuitulutsanso mu 2013 ngati A Realm Reborn, pano ndi imodzi mwa zikuluzikulu padziko. Ine ndimasewera imeneyo. Ndiye Riot ikati zomwe tinapanga sizikukwana tiyambirenso, kwa ine ndi nkhani yabwino kuposa kutipatsa nsima yosapsa. Paja amatinso kuona maso a nkhono nkudekha, nanga umenewo si mwambi wa makolo omwewo?

Gogo_Chalo
Mayi, mwafunsa bwino ndipo miyambi iwiriyi siikulimbana ayi. Wa nkhonowo ukuuza munthu amene akudikira kuti asapupulume. Wa fodyawu sukuletsa kudikira kapena kutsina fodya, ukuletsa kuyetsemuliratu fodya asanafike. Umanenedwa kwa munthu amene wayamba kuchita zinthu modalira chomwe alibe: wakongola mbuzi poti mwana wake wa ku Joni walonjeza kutumiza, wayamba kugawa chimanga chikadali kumunda mwezi wa February. Mnyamatayu akanangopita kukacheza nkumasimba za gemu yakeyo, sindikhulupirira kuti amalume akanautulutsa. Unatuluka chifukwa anatchula ngongole.

Ine za magemu anuwa sindizitsata, adzukulu ndi amene amandisokosa nazo, koma tawerengani mawuwo bwino. Sakunena kuti fodya wa pachala ngoipa kapena ngwabodza. Ndi fodya weniweni, wabwinobwino. Kungoti mwini wake sanadziwike, pakati pa iwe ndi mphepo.

JungleDiff_LL
Nanga ma trailer aja agogo, oonetsa zinjoka ndi mizinda yowala kenako gemu ikatuluka nkupeza ntchito yake ndi kupha nguluwe 10 nkubwerera, kuphanso zina 10? Mwambi wake ndi womwewu?

Gogo_Chalo
Ayi umenewo ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kumeneko chinthu chafika mmanja koma mkati mwake ndi mwina. Osasakaniza.

Phwiti_wa_ku_Joni
Ndipo ngakhale itatuluka mawa, tsiku loyamba musadzayembekezere kusewera bwinobwino. MMO yatsopano imayamba ndi mzere. New World ya Amazon mu 2021 inafika anthu opitirira 900,000 nthawi imodzi pa Steam, sitolo ya magemu a pa kompyuta, anthu kudikira maola kuti angolowa mu seva, patangotha miyezi yochepa ambiri anali atathawa. Ndiye kwa ife pali mphepo yachiwiri yomwe a ku Ulaya saiganizira, seva ili kuti? Magemu ambiri otere ife timaponyedwa ku seva ya ku Europe, ukadina batani kamunthu kako kamayamba kaganiza kaye. Mu dungeon, phanga la adani, yoti chilombo chake chachikulu chaponya moto pansi uyenera kuthawa msanga, umafa uli mkati mothawa, anzako a guild nkumakunena kuti ndiwe noob wosadziwa kusewera chonsecho ndi ping, kuchedwa kwa netiweki kuja. Onjezerapo bandulo ya kudawuniloda magigabayiti ambirimbiri, ma patch okonza gemu pafupipafupi, magetsi nkuthima raid ili pakati iwe ndiwe healer yekhayo. Zinandichitikira ndili kumudzi pa holide, mpaka lero gulu lija silinandiitanenso.

Nachisale_Healer
Kkkkk healer wozimiririka pakati pa raid nanenso sindingamuitane. Koma Kadzidzi, bwanji osayamba ndi zomwe zilipo? Old School RuneScape ndi Albion Online zimaseweredwa ngakhale pafoni, ndipo kuyamba nkwaulere. Uphunzire kaye kuti tank amatani, aggro nchani, uone ngati uli ndi mtima wa grind, kubwereza ntchito imodzimodzi maola ambiri, chifukwa ena amakonda MMO ya mmutu mwawo, akaigwira yeniyeni sabata imodzi atopa. Kungoti ku Albion ukafera kumadera oopsa amakuvula chilichonse chomwe wavala, usadzabwere kuno kudzalira.

Kadzidzi265
Chabwino mwandigonjetsa, ngongole ndaisiya, ndingogula RAM ndi kupukutitsa fan ya kalaputopu. Albion ndaika kale ikudawunilodi ndi bandulo ya usiku. Ndawaimbira amalume kuwauza kuti mwambi uja ndaumva tsopano, akuti "wachedwa nawo bwanji, unakafunsa kwa asing'anga?" Kenako akuti ndalama ndasungayo ndiwabwereke iwowo agulire feteleza adzabweza akakolola. Agogo, pamenepa ndiwayankhe ndi mwambi womwewu kapena ndifera zaeni?

Gogo_Chalo
Yesa, koma uimire patali.