Gemu yaing'ono ikamira pa Steam ndi itch.io, vuto limakhala pati?

Kondwa_Pixel

Anzanga, ndithandizeni. Gemu yopangidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri ikatuluka pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, imaoneka pokhapokha utalemba dzina lake lonse. Ukasaka ndi mtundu wake, monga puzzle, umatsika mpaka kutopa osaipeza. Pa itch.io, sitolo inanso yotere, nthawi zina ngakhale dzinalo silitulutsa kanthu. Chimachititsa kuti gemu ikhale pamwamba n'chiyani? Nanga eni masitolowa amanena poyera mmene amasanjira?

MaiTadala_Dev

A Kondwa, yambani ndi ma tag, mawu ofotokoza mtundu wa gemu. Steam imalola 20, ndipo asanu oyambirira ndi amene ayenera kunena bwino lomwe kuti gemuyo ndi yotani. Ambiri amalakwa poika "Indie", "Casual" ndi "Adventure" pamwamba. Mawu amenewa ali pa magemu osawerengeka, choncho makina sadziwa woti amuonetse. Mu 2023 mokha pa Steam panatuluka magemu oposa 14,000. Lowani mu Steamworks, tsamba la Steam la opanga magemu, tsegulani Tag Wizard, mukweze mawu olunjika monga "Sokoban" kapena "Hidden Object", enawo atsike.

Kenako ma review. Gemu imafunika 10 kuti ipatsidwe chigamulo ngati "Positive", ndipo amawerenga a anthu amene agula pa Steam pomwepo. Mukagawira anzanu ma key aulere (makodi otengera gemu), zolemba zawo zioneka koma sizilowa m'chiwerengerocho.

Valve, kampani ya eni Steam, inafotokoza mu 2023 kuti chimene chimakweza gemu kwambiri ndi kugulidwa ndi kuseweredwa. Wishlist, pamene anthu amasunga magemu amene akufuna kudzagula, payokha siikweza, kupatula pa mndandanda wa Popular Upcoming, wa magemu otchuka amene atsala pang'ono kutuluka. Phindu lake lenileni ndi imelo imene Steam imatumizira anthuwo tsiku lotulutsa, komanso mukatsitsa mtengo ndi 20% kapena kuposa. N'chifukwa chake kutsegula tsamba la Coming Soon, lolengeza gemu isanatuluke, kwa masabata awiri okha, omwe ndi ochepetsetsa amene amalola, n'kudzipweteka. Litseguleni kudakali miyezi, muikepo demo, mulowe Next Fest, chionetsero cha ma demo pa Steam, ya February, June kapena October. Gemu imalowa kamodzi kokha, ndiye musaiponyemo demo idakali ndi zolakwika.

Zikomo_8bit

Za itch.io n'zosiyana. Kumeneko tsamba likhoza kukhala lotsegula koma losalowetsedwa m'zosaka. Onani kaye izi: tsambalo lili pa Public, osati Draft kapena Restricted; muli chithunzi chapachikuto, chabwino ndi 630x500; mwakwezadi fayilo yoti munthu atenge kapena asewere; ndipo simunachonge kabokosi kolibisa ku search ndi browse. Akaunti ikakhala yatsopano ndipo gemu ndi yogulitsa, tsambalo limatha kudikira kuti a itch.io aliunike kaye. Musalifute n'kupanga lina, mungoyambanso kudikira. Ma tag kumeneko ndi 10 okha.

Mphatso_K

Malangizowa ndi oona, koma funso lachiwiri lija silinayankhidwe, ndipo ine ndi limene limandiwawa. Valve imatchula zinthu zimene makina amayang'ana, koma sinena kulemera kwa chilichonse. Chiwerengero cha ma wishlist 7,000 chimene anthu amati chimalowetsa mu Popular Upcoming n'chongoyerekeza opanga magemu okha, si cha Valve. Munthu walipira $100 ya Steam Direct yoikira gemu m'sitolomo, akupereka 30% pa gemu iliyonse yogulidwa, koma akuyenda mumdima.

Mu July 2025 itch.io inachotsa m'zosaka magemu a akuluakulu okhaokha chifukwa chopanikizidwa ndi makampani oyendetsa malipiro, ndipo opanga ambiri anadziwa zitachitika kale. Lamulo la European Union nambala 2019/1150, lomwe linayamba kugwira ntchito mu July 2020, linalamula masitolo a pa intaneti kulemba mfundo zikuluzikulu zosanjira. Koma mfundo zikuluzikulu sizikuuzani chifukwa chimene gemu yanuyo yatsikira sabata ino.

MaiTadala_Dev

Zoona a Mphatso. Komabe zimene amaonetsa tizizigwiritsa ntchito. Mu Steamworks, pa Marketing & Visibility, muli ziwerengero za kumene alendo achokera: Discovery Queue (mndandanda wa magemu umene Steam imasankhira munthu), masamba a ma tag, search kapena kunja. Ikani UTM, kachizindikiro kosonyeza kumene mlendo wachokera, pa linki iliyonse imene mwagawa. A Kondwa, chithunzi cha gemu chikamaoneka kwa anthu ambiri koma odina ali ochepa, sinthani chithunzicho. Chikakhala kuti sichikuoneka n'komwe, bwererani ku ma tag, musinthe asanu apamwambawo, mudikire masabata awiri musanakhudze china.