Za abilimankhwe anga aja

Zikomo nonse munayankha funso langa lija loti abilimankhwe awiri angakhale khola limodzi kapena ayi. Ndinatsata malangizo a achimwene aja anati ndiwalekanitse msanga. Angawa ndi a mtundu wa veiled, kwawo ndi ku Yemen, onse amuna, ndiye wamng'onoyo amangokhala pansi wakuda bii osadya, wamkulu atalanda nthambi ya pafupi ndi getsi. Ndinagula khola lina koma sizinasinthe, kani amaonanabe! Nditatchinga ndi katoni pakati, patangotha masiku 4 kanthu kanayamba kubiriwira nkumawakha ziwala ndi lilime lija. Getsi lachiwiri la UVB, lopereka kuwala konga kwa dzuwa, landidyera ndalama kuno ku Leeds ku England, eeh. Komanso samalani ndi galasi, akadziona yekha amafufuma ngati wabwera mdani.